Kugwirana ndi kumamatira: mafunso ndi mayankho pa cohesion ndi adhesion

Mawu awiriwa amayendera limodzi m'mabuku a sayansi, ndipo ophunzira ambiri amawaloweza usiku n'kudzawasokoneza m'mawa. Koma zimene amatanthauza timaziona tsiku ndi tsiku: dontho lolendewera kukamwa kwa mpopi, thaulo lomwa madzi, penti yomatuka pakhoma. Mafunso ali m'munsiwa ena ndi a m'kalasi, ena ndi a anthu ogwira ntchito zamanja.

Kodi cohesion ndi adhesion zimasiyana pati?

Cohesion ndi kukokana kwa tinthu ta mtundu umodzi: molekyu ya madzi kugwira inzake ya madzi, atomu ya chitsulo kugwira inzake ya chitsulo. Adhesion ndi kukokana kwa zinthu ziwiri zosiyana pamalo pamene zakhudzana: madzi ndi galasi, penti ndi khoma, inki ndi pepala. Choncho cohesion ndi ya chinthu chimodzi pachokha, pomwe adhesion simungaikambe osatchula kuti chamamatira n'chiyani, ndipo chamamatira kuti.

Zonse ziwiri mungazione pa dontho limodzi. Tsekani mpopi koma musaumange kwambiri, kenaka muyang'anitsitse dontho likamatupa. Kumtunda kwake lakakamira kuchitsulo, imeneyo ndi adhesion. Thupi lake lili pamodzi, lozungulira bwinobwino, silikumwazika, imeneyo ndi cohesion. Likalemera limatamuka n'kupanga kakhosi kowonda, kakhosiko n'kuduka. Tsono onani pamene ladukira. Silinamatuke kuchitsulo ayi. Ladukira pakati pa madzi ndi madzi, ndipo kumpopi kwatsala kamadzi koyambira dontho lina. Yagonja ndi cohesion, adhesion idakalipo.

Ndiye kuti ndi mphamvu ziwiri zosiyana?

Ayi, gwero lake ndi limodzi. Zonse zimachokera ku mphamvu ya magetsi imene ili m'maatomu, pozitivu kukoka negetivu. Zimangosiyana pa amene akukokana.

Kukokanako kuli mitundumitundu. Kofooka, koma kopezeka paliponse, ndi kumene kumatchedwa mphamvu za van der Waals, potengera dzina la Johannes Diderik van der Waals wa ku Netherlands. Iyeyu mu 1873 anaonetsa kuti khalidwe la mpweya ndi zinthu zamadzimadzi silingamveke bwino pokhapokha titavomereza kuti mamolekyu amakokana, ndipo mu 1910 analandira mphoto ya Nobel. Kwamphamvupo ndi hydrogen bond, imene imalamulira m'madzi. M'zitsulo maatomu amagawana maelekitironi, ndipo kugwirana kwake n'kolimba kuposa mitundu iwiri ija.

Chofanana pa zonsezi n'chakuti zimagwira pafupi kwambiri. Mamolekyu akangotalikirana mananomita ochepa, kukokana kwatha, ndipo nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifunanso pa nkhani ya mbale yosweka ndi guluu.

N'chifukwa chiyani madzi amagwirana kwambiri chonchi?

Molekyu ya madzi ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni, ndipo si yowongoka. Inapindika, mikono yake iwiri inatseguka madigiri pafupifupi 104.5. Okosijeni amakokera maelekitironi kumbali kwake, motero mbali imeneyo imakhala ya negetivu pang'ono, ya haidirojeni n'kukhala ya pozitivu pang'ono. Haidirojeni wa molekyu iyi amakopeka ndi okosijeni wa molekyu yoyandikana nayo, imeneyi ndiyo hydrogen bond ija, ndipo molekyu imodzi ingathe kugwirana ndi ena anayi nthawi imodzi. Madzi akakhala osaundana, kugwiranaku kumaduka n'kulumikizikanso kosawerengeka pa sekondi iliyonse. N'chifukwa chake madzi amayenda mosavuta koma sabalalika.

Kodi n'zoona kuti madzi ali ndi khungu pamwamba pake?

Khungu lenileni palibe. Madzi a pamwamba ndi omwewo a pansi. Chilipo n'chakuti molekyu ya m'kati mwa madzi imakokedwa mbali zonse mofanana, pomwe ya pamwamba ili ndi anzake m'mbali ndi pansi pokha. Kumwamba kwake kuli mpweya, womwe suikoka kwenikweni. Mamolekyu a pamwambawo amakokeredwa m'kati, ndipo madzi amachepetsa malo awo a pamwamba mpaka pamene angathere. Kukungika kumeneku ndiko surface tension, ndipo kumachokera ku cohesion.

Amakuyeza m'ma millinewton pa mita. Madzi otentha madigiri 20 ali ndi pafupifupi 72, ethanol ali ndi 22, mercury, chitsulo chamadzimadzi, ali cha m'ma 485. Madzi akamatentha chiwerengerochi chimatsika, pofika powira chimakhala pafupifupi 59.

Yesani izi: yalani kachidutswa ka tishu pamadzi m'kapu, muikepo singano youma. Tishu ikanyowa imamira, singano n'kutsala pamwamba. Chitsulo n'cholemera kuposa madzi pafupifupi ka 8, ndiye singanoyo siikuyandama monga limachitira thabwa. Weramani muyang'ane cham'mbali, muona kuti madzi apindikira pansi pang'ono mozungulira singano, aitenga m'kadzenje koma osang'ambika. Ikankheni ndi chala, ipita pansi osabwereranso. Tizilombo ta miyendo yaitali timene timatsetsereka padziwe timadalira chomwechi.

Munthu wina amene anathandiza kwambiri pa kayezedwe ka zimenezi sanali wa ku yunivesite. Agnes Pockels wa ku Braunschweig ku Germany ankasamala za pakhomo, ndipo chidwi chake chinayambira pa madzi otsukira mbale, mmene mafuta ndi sopo zimawasinthira. Anadzipangira yekha chipangizo choyezera, n'kulembera kalata wasayansi Lord Rayleigh wa ku England, yemwe anaitumiza ku magazini ya Nature. Inasindikizidwa mu 1891.

Bwanji madzi m'kachubu ka galasi amalowa pansi pakati, koma mercury amatukuka?

Galasi loyera pamwamba pake lili ndi maatomu a okosijeni ndi haidirojeni omwe madzi amawagwira mosavuta. Ndiye madzi okhudza khoma la kachubu amakwera pang'ono, a pakati n'kutsalira m'munsi. Za mercury n'zina. Maatomu ake amagwirana mwachitsulo, galasi siliwakopa mokwanira, motero amadzikoka kuchoka kukhoma n'kutukuka pakati. Kupindika kwa pamwambaku dzina lake ndi meniscus.

Powerenga muyeso, diso likhale pa mzere umodzi ndi madziwo. Ngati ndi madzi werengani kunsi kwa kupindikako, ngati ndi mercury werengani pamwamba pake. M'chipangizo cha pulasitiki kupindikaku kumachepa kwambiri, mwina kungooneka mzere wowongoka, chifukwa pulasitiki siikoka madzi monga limachitira galasi. Madzi ndi omwewo, cohesion yawo siinasinthe, chasintha ndi mnzawo amene akhudzana naye.

Za mercury zingothera powerenga. Ndi poizoni, ndipo nthunzi yake imalowa m'thupi popuma.

Buku langa likuti madzi amanyowetsa chinthu pamene adhesion yaposa cohesion. Ndi choncho?

Pa mayeso lembani choncho, malikisi mupeza. Koma chiganizocho anachifupikitsa mopitirira, ndipo amene akufuna kumvetsa ayenera kudziwa zotsalazo.

Dontho likakhala pa chinthu, m'mphepete mwake mumapanga ngodya ndi chinthucho. Asayansi amaitcha contact angle, ndipo Thomas Young wa ku England anaifotokoza mu 1805. Ngodyayi ikachepera madigiri 90, dontho laphwatalala, chinthu chanyowa. Ikaposa 90, dontho ladzikundika, silikufuna kufalikira. Athanase Dupré wa ku France atawonjezerapo mu 1869, masamu ake anaonetsa kuti ngodyayi imakhala 90 ndendende pamene mphamvu yofunika kumatula madzi pa chinthu ili theka chabe la mphamvu yofunika kudula madziwo pakati. Kutanthauza kuti adhesion ikangopitirira theka la cohesion, madzi ayamba kale kukwera khoma. Ikafika pofanana ndi cohesion, ngodya imatsikira pa 0, dontho silipangikanso, madzi amangoyalika pyapyapya.

Pa galasi lotsukidwa bwino ngodyayi imayandikira 0. Pa Teflon, yopakidwa m'mapani kuti chakudya chisamamatire, imakhala cha m'ma 110. Mercury pa galasi amafika pafupifupi 140, komabe ngakhale pamenepo adhesion siinatheretu, yangochepa. Ine ndimaona kuti funso lakuti "yamphamvu ndi iti" limasocheretsa ngati silinatchule pamene madziwo agwera. Madzi omwewo amene ayalika pa galasi akagubuduka pa kandulo.

Nanga thaulo kapena chingwe cha nyali chimakweza bwanji madzi kapena mafuta?

Apa ziwirizi zimagwira ntchito limodzi. M'kampata kopapatiza, adhesion imakoka madzi a m'mphepete kukwera khoma. Surface tension siilola kuti pamwamba papindike mopitirira, ndiye madzi a pakati amatsatira. Amakwerabe mpaka kulemera kwa madzi okwezedwawo kutafanana ndi mphamvu yowakokayo. Imeneyi ndiyo capillary action.

James Jurin, dokotala wa ku England, analemba mu 1718 kuti kampata kakachepa, madzi amakwera patali. M'kachubu ka galasi ka sentimita imodzi m'mimba mwake madzi amakwera mamilimita atatu okha. Ka milimita imodzi, pafupifupi masentimita atatu. Kochepera pamenepo ka 10, masentimita 30. Thaulo, pepala, siponji ndi chingwe cha nyali zadzaza timipata totere pakati pa ulusi. Njerwa nazonso zili nato, n'chifukwa chake omanga amaika pepala la pulasitiki kapena phula m'munsi mwa khoma, kudula njira ya chinyontho chochokera m'nthaka. Mercury m'kachubu ka galasi amachita zosiyana, amatsika kuposa mlingo wa kunja.

Ndiye mitengo imakweza madzi mwa njira yomweyi?

Ili ndi yankho limene ambiri amapereka, koma silikwanira. Timitsempha ta xylem, tonyamula madzi kuchokera kumizu, n'tating'ono ndithu, koma osati mokwanira. Mukawerengera ndi lamulo la Jurin, kamtsempha ka mamilimita 0.04 m'mimba mwake sikangakweze madzi ngakhale mita imodzi. Chonsecho ku California kuli mtengo wa redwood wotchedwa Hyperion, wotalika mamita oposa 115. Ngakhale pampu yoyamwa, kaya ikhale yabwino chotani, siingakoke madzi kupitirira mamita pafupifupi 10, chifukwa chimene chimakankhira madzi m'paipi yotero ndi kulemera kwa mpweya wa m'mlengalenga, ndipo mphamvu yake imathera pomwepo.

Yankho lomveka linachokera kwa Henry Dixon ndi John Joly a ku Dublin ku Ireland mu 1894: madzi sakankhidwa kuchokera pansi, amakokedwa kuchokera kumwamba. Tsamba lili ndi timabowo totulukira nthunzi. M'kati mwake, m'makoma a maselo, muli timipata tochepetsetsa, toyezedwa m'mananomita, todzaza madzi. Madzi akauluka pamenepo, meniscus ya m'kampata kalikonse imalowa m'kati n'kukoka madzi a kumbuyo kwake, ndipo popeza timipatato n'tochepa choncho, kukoka kwake n'kwamphamvu zedi. Molekyu yokokedwayo imakoka inzake, inzakeyo inzake, kutsika nthambi, thunthu, mpaka kumizu ndi m'nthaka. Madzi a mumtengo ali ngati chingwe chokungika chimene wina akuchikoka ali pamwamba. Cohesion ndiyo imachititsa kuti chingwecho chisaduke. Adhesion imagwiriza madzi kumakoma a timitsempha ndi m'timipata ta tsamba kuti mpweya usalowerere.

Chodabwitsa n'chakuti mtengo suwonongapo mphamvu yake. Maselo a xylem onyamula madziwo ndi akufa, angotsala makoma. Ntchito yonse ikugwiridwa ndi dzuwa pouma madzi pa tsamba. Komatu mtengo umalipira: madzi oposa 90 pa 100 alionse amene mizu yamwa amangodutsa n'kuuluka.

Chingwechi chimaduka nthawi zina. Pa chilala, kukoka kukanyanya, kathovu ka mpweya kamalowa m'kamtsempha, ndipo kamtsempha kameneko kamasiya kunyamula madzi. Madzi akaundana m'nyengo yozizira kwambiri n'kusungunukanso zimachitikanso chimodzimodzi. Timitsempha tambiri tikatsekeka chonchi nthambi imauma. Ogulitsa maluwa amazidziwa izi ngakhale asatchule dzina lake: duwa likadulidwa, mpweya umalowa kumapeto kwa phesi, ndiye amadulanso kachidutswa asanaliike m'madzi.

Bwanji masamba ena ndi nthenga za bakha sizinyowa?

Choyamba ndi phula. Masamba ambiri ali ndi kaphula pamwamba, ndipo phula lilibe mbali za pozitivu ndi negetivu zoti madzi agwire. Adhesion imachepa, cohesion n'kukundika madziwo kukhala dontho.

Masamba ena amapitirira apa. Wilhelm Barthlott ndi Christoph Neinhuis a ku Bonn ku Germany anafotokoza mu 1997 za tsamba la lotus, chomera cha m'madzi. Ndi maso limaoneka losalala, koma pa maikulosikopu lili ndi timatotomole tosawerengeka, tokutidwanso ndi timibulu ta phula. Dontho limangokhala pansonga pa timatotomoleto, kunsi kwake kuli mpweya, ndipo ngodya ija imaposa madigiri 150. Tsamba likangopendekeka pang'ono dontho limagubuduka, n'kutola fumbi m'njira, chifukwa fumbilo limamamatira kwambiri ku madzi kuposa ku tsamba. Opanga penti ndi nsalu anatengerapo nzeru. Bakha naye amadalira zonse ziwiri: mafuta ochokera pafupi ndi mchira amene amadzola ndi mlomo, ndi kalukidwe ka nthenga kosunga mpweya.

Teflon ya m'mapani, imene Roy Plunkett anaitulukira mwangozi mu 1938, ndi chimodzi mwa zinthu zimene pafupifupi chilichonse chimalephera kumamatirapo.

Sopo amachita chiyani pa zonsezi?

Molekyu ya sopo ili ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Ikalowa m'madzi imathamangira pamwamba, mchira kunja, n'kukhala pakati pa mamolekyu a madzi. Kukungika kuja kumatsika kuchoka pa 72 kufika cha m'ma 30, mwinanso kucheperapo. Madzi otero amayalika pa nsalu ndi kulowa pakati pa ulusi m'malo mongokhala madontho. Michira ija imazinganso timadontho ta mafuta, mitu ili kunja m'madzi, mafutawo n'kutengeka potsukuluza.

Wazani tsabola wopera pamadzi m'mbale, mukhudze pakati ndi chala chopaka sopo. Tsabola yense athawira m'mphepete nthawi yomweyo. Sikuti sopo wamukankha. Pakati pafooka, ndiye madzi a m'mbali omwe adakali okungika akoka. Singano yoyandama ija nayo mukadonthezera sopo pambali pake imamira. Mankhwala opopera mbewu amawasakaniza ndi zinthu za mtundu womwewu kuti asagubuduke pa masamba a phula.

Thupi lathu nalo limapanga zofanana ndi sopo. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo ndi tonyowa m'kati, ndipo surface tension ikanasiyidwa yokha ikanaphwetsa timatumbato nthawi iliyonse tikatulutsa mpweya. Mapapo amatulutsa surfactant yochepetsa kukokako. Imayamba kukwanira chakumapeto kwa mimba, ndipo mu 1959 Mary Ellen Avery ndi Jere Mead anaonetsa kuti ana obadwa masiku asanakwane amene amavutika kupuma amakhala akuisowa. Lero madokotala amatha kuwapatsa surfactant kudzera m'kapaipi ka kukhosi.

Ngati cohesion ilipo, bwanji mbale yosweka siilumikizika ndikaigunditsa pamodzi?

Chifukwa zidutswazo sizikukhudzana kwenikweni. Kwa inu zalowana bwinobwino, koma pa msinkhu wa maatomu ndi zokhakhala, zikungogundana m'malo owerengeka. Posweka timazidutswa tina tinagwa, ndipo pamalo poswekapo pakhala kale mpweya, chinyontho ndi fumbi. Mpata wa mananomita ochepa ndi wokwanira kuthetsa kukokana.

Pamene zolepheretsazi palibe, zimathekadi. Zitsulo ziwiri zoyeretsedwa bwino, zosalala, zikakanikizidwa pamalo opanda mpweya zimatha kuwotcherana popanda moto, ndipo opanga zombo za m'mlengalenga amasamala nazo zimenezi. Magalasi awiri onyowa nawonso amavuta kulekanitsa powakoka, ngakhale amatsetsereka mosavuta cham'mbali: madzi adzaza mipata, agwira galasi ili ndi ilo, iwo eni n'kugwirana pakati.

Guluu wanga wamatuka. Ndingadziwe bwanji chalakwika?

Musataye zidutswazo, yankho lili pomwepo. Guluu amagwira ntchito ziwiri motsatana. Poyamba ayenera kukhala wamadzi kuti alowe m'timaenje tonse n'kukhudza chinthucho pafupi kwenikweni, imene ndi adhesion. Kenaka ayenera kuuma n'kulimba iye mwini kuti asang'ambike, imene ndi cohesion. Angathe kulephera pa iliyonse mwa ziwirizi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati guluu yense watsalira mbali imodzi, inayo ili mbee ngati sipanapakidwe kanthu, yalephera ndi adhesion. Kawirikawiri vuto limakhala mafuta, fumbi, chinyontho kapena dzimbiri; ngakhale mafuta a m'zala ndi okwanira. Mwinanso chinthucho n'chosalala kwambiri, kapena ndi pulasitiki ya polyethylene kapena polypropylene, imene guluu wamba saigwira. Apa kuwonjezera guluu n'kutaya nthawi. Tsukani, umitsani, palani ndi sandipepa kuti muchotse zokutira ndi kuchulukitsa malo ogwira, ndipo muonetsetse kuti guluuyo ndi woyenera chinthucho.

Ngati guluu ali mbali zonse ziwiri, wang'ambika pakati, ndiye kuti anamamatira bwino koma iye mwini anafooka. Yalephera ndi cohesion. Mwina munapaka wochindikala kwambiri, mwina munasenzetsa katundu asanaume, mwina ndi wa epoxy ndipo machubu awiri aja simunawasakanize mofanana, mwinanso ndi wokhalitsa. Ambiri amaganiza kuti guluu wambiri ndiye wolimba, koma pa mitundu yambiri wopyapyala, wopanikizidwa bwino, ndiye amagwira.

Pali kusweka kwachitatu: guluu ali bwinobwino, lang'aluka ndi thabwa lenilenilo pambali pake. Kalipentala akaona chonchi amadziwa kuti guluu wake alibe mlandu.

Penti nayo muziiwerenga motero. Ikamatuka zikambazikamba, khoma n'kutsala loyera, vuto ndi adhesion, khomalo silinakonzedwe kapena linali lonyowa. Ikamayoyoka ngati ufa mukaipukuta ndi dzanja koma ina idakali pakhoma, yafooka m'kati mwake. Tepi yakale imene imasiya zonanda pa galasi nayonso yalephera pa cohesion. Ndipo adhesion yofooka si nthawi zonse imakhala vuto: Spencer Silver wa ku kampani ya 3M anapanga mu 1968 guluu womamatira pang'ono n'kumatuka osasiya kanthu, ndipo patapita zaka anadzakhala wa pa timapepala ta Post-it.

Nalimata amayenda bwanji kudenga? Ali ndi guluu kumapazi?

Alibe guluu, ndipo sayamwa khoma. Kunsi kwa zala zake kuli timaubweya zikwi mazanamazana, kalikonse kogawikanso kunsonga kukhala timinsonga mazana. Timinsongato n'tofewa ndi tochepa moti timalowa m'timakwinya tonse ta khoma n'kufika pafupi pokwanira kuti mphamvu za van der Waals zigwire. Kamodzi kamagwira mofooka, koma tonse pamodzi timanyamula thupi lonse n'kutsalako. Kellar Autumn ndi anzake anayeza mphamvu ya kaubweya kamodzi mu 2000. Pofuna kusuntha, nalimata amapinda zala m'mwamba kuyambira kunsonga, timaubweyato n'kumasuka. Pa Teflon amavutika.

Uchi ndi wolimba kuposa madzi. Ndiye kuti cohesion yake ndi yaikulu?

Osati kwenikweni. Kuyenda pang'onopang'ono kwa uchi ndi viscosity, kuvuta kwa mamolekyu kudutsana poyenda. Zimakhudzana ndi cohesion koma si chinthu chimodzi. Umboni ndi mercury: surface tension yake imaposa ya madzi pafupifupi ka 7, koma amathamanga mosavuta pafupifupi ngati madzi.

Bwanji mchenga wonyowa umaumbika, wouma umayoyoka, koma dongo limagwirana ngakhale litauma?

Timiyala ta mchenga n'tokulirapo ndipo timangokhudzana m'malo ochepa, ndiye patokha sitigwirana. Mukathira madzi pang'ono, pamalo paliponse pamene tiwiri takhudzana pamakhala kamadzi kogwira uku ndi uku, kukokera tiwirito pamodzi. Mukathira ambiri, mipata yonse imadzaza, meniscus zonse zimatha, mchenga n'kukhala phala. Ukauma umabwerera kuyoyoka. Kugwirana kwake n'kobwereka kwa madzi.

Dongo ndi lina. Tizidutswa take n'tochepera mamilimita 0.002, n'taphanthiphanthi, ndipo tili ndi mphamvu ya magetsi pamwamba pake. Timayalana pafupi kwambiri, ndipo madzi akamauma amatikokera pafupi kopambana. Mainjiniya amagawa dothi potengera zimenezi: dongo amaliika m'gulu la dothi la cohesion, mchenga ndi miyala yosweka m'gulu lopanda cohesion. Si nkhani ya m'buku chabe. Dzenje lokumbidwa mumchenga wonyowa limaoneka lolimba m'mawa, koma makoma ake akauma kapena akakhuta madzi amatha kugumuka mwadzidzidzi, n'chifukwa chake maenje akuya amafunika kuchirikizidwa.

Kumlengalenga, kopanda kulemera, zimakhala bwanji?

Kumeneko ziwirizi zimaonekera poyera, chifukwa kulemera kumene kumazibisa pansi pano sikukumveka. Madzi otayidwa m'chombo amadzikundika kukhala mpira woyandama, waukulu kuposa dontho lililonse limene mungalione padziko. Mu 2013 Chris Hadfield wa ku Canada anafinya kathaulo konyowa ali m'chombo cha m'mlengalenga chotchedwa International Space Station. Madzi sanadonthe. Anatuluka n'kukuta kathauloko, kenaka anakwera m'manja mwake n'kukakamira pakhungu.

Pansi pano dontho la mvula laling'ono nalo ndi lozungulira mbali zonse, silisongoka kumutu monga amalijambulira. Lalikulu limaphwatalala kunsi chifukwa cha mpweya umene likugunda, ndipo likapitirira mamilimita 5 kapena 6 limagawika.

Bwanji ndikamathira madzi pang'onopang'ono amayenderera kunja kwa kapu m'malo mogwera pomwe ndikufuna?

Madzi oyenda pang'onopang'ono akafika pamlomo pa kapu amagwira galasi, n'kukhota nalo, ndipo a kumbuyo amatsatira anzawo. Liwiro lawo n'lochepa, silingawamatule. Thirani molimba mtima, mwachangu pang'ono, adumpha mlomowo. Chiwiya cha mlomo wopyapyala, wakuthwa, chimachucha pang'ono poyerekeza ndi cha mlomo wonenepa wozungulira, chifukwa madzi amavutika kukhota pangodya yakuthwa. M'labotale amagwiritsa ntchito khalidwe lomweli mwadala: amagunditsa kandodo ka galasi pamlomo pa chiwiya, mankhwala n'kutsetsereka pa kandodoko mpaka m'botolo osatayika.